Sukulu ikutsekera kumapeto kwa Meyi, ana atatu adya chani? Tili kumudzi kwenikweni ku Nebraska

nachisale_wa_kufamu walemba:

Moni nonse a mgulu muno. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osayankhapo koma lero ndabwera ndi yanga, ndithandizeni maganizo chonde. Ife tinasamukira kuno ku Nebraska mu Ogasiti chaka chathachi, bambo a kunyumba anapeza ntchito pa famu ya ng'ombe ndipo nyumba anatipatsa pafamu pomwepo, ndiye ndikati kumudzi ndikunena kumudzi kwenikweni, ukaima pakhonde suona nyumba ya munthu wina aliyense koma udzu ndi ng'ombe basi mpaka pomwe maso alekezera. Katauni komwe kuli sukulu ya ana kali pa mtunda wa mamailosi 26, Walmart ndiye mpaka ola limodzi ndi theka pagalimoto.

Ana ndili nawo atatu, wamkulu zaka 13, wapakati 9, chitsiriza 6. Chaka chonsechi akhala akudya kusukulu m'mawa ndi masana ulere chifukwa tinadzaza fomu ija ndipo anativomera, ine ndimangophika chamadzulo basi, nsima kapena mpunga. Tsopano kalata yabwera kuti akutsekera kumapeto kwa Meyi kudzatsegulira pakati pa Ogasiti, ndawerenga pa kalendala ndi pafupifupi masabata 12. Dzulo usiku ndili kuntchito ndinakhala pansi ndi cholembera kuwerengera, ana atatu, kudya kawiri koonjezera tsiku lililonse, masabata onsewo, mutu unandizungulira. Mnyamata wamkuluyu ali pa msinkhu uja woti akadya pakangotha ola akufunsanso kuti mami muli chani mufiliji.

Ine ndimagwira shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba masiku anayi pa sabata, galimoto ndi imodzi yomweyo, ndikafika m'mawa ndimakhala nditatheratu. Komanso kumudzi ku Ntcheu kuli mayi anga ndi ana a malemu mchemwali wanga amene amadalira ife mwezi ndi mwezi, sindingawadule.

Mnzanga wina wakuntchito anandiuza mongodutsa kuti pa summer boma limagawa chakudya cha ana koma sanafotokoze bwino, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsitsa. Ndiye mafunso anga ndi awa: zilipodi zimenezi? Nanga ife okhala kutali chonchi zimatifika bwanji, popeza sindingamayende mamailosi 52 kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku chifukwa cha lanchi, mafuta okhawo aposa mtengo wa chakudyacho. Chachitatu, kodi amafunsa mapepala? Bambo a kunyumba akuopa kuti zingadzatisokonezere nkhani ya green card, akuti bola tingolimba mtima tizidya zomwe tili nazo. Amene mukudziwa ndiuzeni zoona zake.

---

malume_a_ku_SouthBend ayankha:

Achemwali pepani ndi nkhawayo, ndipo mwachita bwino kufunsa panopa sukulu isanatseke chifukwa ikangotseka maofesi aja amakhala opanda anthu ndipo kupeza woyankha foni kumavuta. Zilipodi, si mphekesera ayi. Ine ndalera ana anayi kuno ku Indiana ndipo zaka zoyambirira zija tinadya nawo chakudya chimenechi, ndiye ndikufotokozereni mmene ndikudziwira, pepani zitalika.

Pali zinthu ziwiri zosiyana, anthu ambiri amazisakaniza. Choyamba ndi chakudya chenicheni chophikaphika kapena chopakira, dzina lake lakale ndi Summer Food Service Program, masiku ano akumalemba SUN Meals pa mapepala awo. Ndalama zake zimachokera ku USDA, unduna wa zaulimi wa boma lalikulu ku Washington, koma ogawa ndi anthu a m'dera momwemo, sukulu, tchalitchi, laibulale, nthawi zina food bank. Si chinthu chatsopano, chinayamba 1968 ngati kuyesera kenako 1975 chinakhazikika pachokha. Mwana aliyense wa zaka 18 kutsika pansi amadya ulere pa malo amene amati open site, ndipo malo oterewa amaloledwa m'dera limene theka la ana kapena kuposa apo ndi oyenera kudya ulere kapena motchipa kusukulu. Pamenepo palibe fomu, palibe kufunsa kuti bambo amalandira zingati, palibe kufunsa pasipoti. Mwana amangofika nkulandira, iwo amangochonga nambala ya mbale zomwe zatuluka.

Vuto lomwe mwatchula la mtundali ndi lomwe linkapha pulogalamu imeneyi kwa zaka zambirimbiri. Lamulo lakale linkati mwana adyere pomwepo, pamaso pa ogawa, nthawi yoikika, osatenga kupita nacho kunyumba. Mtauni zinkatheka poti mwana amangoyenda wapansi kupita ku paki, koma kumidzi ngati kwanuko ndani angaotche mafuta chifukwa cha sangweji ndi kakatoni ka mkaka? Nchifukwa chake corona isanabwere pa ana 7 aliwonse omwe ankadya ulere kapena motchipa kusukulu ndi m'modzi yekha amene ankafikiridwa pa summer, enawo kaya ankadya chani. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa boma linamasula lamulo lija kwakanthawi, makolo nkumapita kukatenga chakudya cha masiku angapo pakamodzi, ndipo aliyense anaona ndi maso kuti njira imeneyo ndiyo ikufikira ana ambiri. Ndiye mu Disembala 2022 Congress, nyumba ya malamulo ya kuno, inakhazikitsa lamulo loti kumadera akumidzi zimenezi zipitirire mpaka kalekale, kuyambira summer ya 2023. Dzina lake ndi SUN Meals To-Go, anthu a m'maofesi amati non-congregate, lowezani mawu amenewo chifukwa ndi omwe mukawatchule pafoni. Lamulo limalola kupereka chakudya mpaka cha masiku 10 pakamodzi, ngakhale ambiri amapereka cha sabata, ndipo kholo litha kukatenga lokha popanda ana ngati ogawawo anakonza choncho. Madera ena amachita kukusiyirani pakhomo. Ndiye inu mukamaweruka m'mawa kuchokera ku shifiti muli kale mtauni, mwina nkungodikira pang'ono nkunyamula cha sabata yonse.

Chachiwiri ndi khadi, Summer EBT, ena amati SUN Bucks. Iyi inayamba dziko lonse mu 2024, ndi madola 120 pa mwana aliyense pa summer yonse, ndiye kwa inu ana atatu ndi 360. Si zambiri mukagawa ndi masabata 12 koma ufa, mafuta ophikira, mazira, nkhuku, nyemba mugula ndithu. Imagwira mu shopu iliyonse yolandira SNAP, thandizo la boma logulira chakudya, koma simungagulire sopo, matewera kapena chakudya chotentha chophikidwa kale. Asanaikhazikitse anaiyesera kaye kuyambira 2011 m'madera angapo ndipo anapeza kuti njala yoopsa ija pakati pa ana inatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chowawa nchakuti state iliyonse imasankha yokha kulowa kapena ayi. Kwanuko bwanamkubwa Jim Pillen poyamba anakana kumapeto kwa 2023, anthu anadandaula kwambiri, mu Febuluwale 2024 anasintha maganizo Nebraska nkulowa. Kuno ku Indiana tinalandira 2024 koma 2025 boma la state silinalowe, mabanja ambiri achimalawi kuno anadikira khadi yomwe sinabwere, zinandipweteka kwambiri chifukwa ndikudziwa nyumba zomwe zinkaidalira. Ku Oklahoma state inakana koma a Cherokee Nation ndi a Chickasaw Nation, maboma a mitundu ya eni dziko akale, anayendetsa okha m'madera awo.

Popeza inu munadzaza fomu nkuvomerezedwa, mukuyenera kulowa mu khadiyi popanda kufunsiranso. Koma onetsetsani kuti adilesi yomwe ili kusukulu ndi yomwe makalata anu amafikiradi, chifukwa khadi imabwera pa positi, ndipo anthu akumafamu ambiri makalata awo amafikira ku bokosi ku positi ofesi osati panyumba. Envulopu yake imaoneka wamba, ena amataya poyesa ndi zotsatsa malonda. Ndalamazo zikalowa muzigwiritse ntchito, pakatha masiku 122 zotsala zimabwerera.

Za green card, auzeni achimwenewo kuti mtima ukhale m'malo. Chakudya cha ana kusukulu sichinawerengedwe pa nkhani ya public charge, yoona ngati wofuna green card adzakhala wodalira thandizo la boma, ngakhale mu lamulo lokhwima lija la 2019, ndipo la 2022 linanenanso momveka kuti thandizo la chakudya silikuwerengedwa. Komabe nkhani za immigration zimasinthasintha ndi boma lomwe lilipo, ndiye ngati muli ndi loya amene akuyendetsa mapepala anu muimbireni mumufunse za khadiyo kuti nonse mugone tulo. Koma za chakudya cha pa open site chija musachite kudikira loya, palibe amene amalemba za mapepala anu pamenepo.

---

mai_a_Tadala_Leeds ayankha:

Sisi ine ndili ku UK ndiye za ku America sindilowererapo, amalume afotokoza kale. Ndangofuna ndikulimbitseni mtima pa nkhani ya manyaziyo chifukwa inenso ndinadutsamo. Kuno holide ya summer ndi masabata 6 okha koma imalemera chimodzimodzi. Mu 2020 mnyamata wampira uja Marcus Rashford anachita kulembera aphungu kalata kuti ma voucher a chakudya asaime pa holide, iyeyo poti anakula akudya chakudya chaulere kusukulu ku Manchester, ndipo boma linagonja. Pano ku England kuli pulogalamu ya boma ya pa holide yotchedwa HAF, ana amapita kukasewera nkudya chakudya chotentha, maola anayi pa tsiku masiku anayi pa sabata kwa masabata anayi. Chaka choyamba ine sindinalembetse mwana wanga, ndinkati anthu aziti chani, nesi wathunthu kumakapempha chakudya. Holide imeneyo ndinalowa ngongole ya pa khadi yomwe ndinamaliza kubweza Khirisimasi itadutsa, ndipo mwana anakhala masabata onsewo mnyumba pa TV ine ndikugona pochokera ku naiti. Chaka chachiwiri ndinamulembetsa, ndinakapeza makolo anzanga ogwira ntchito ngati ine ndemwe, madalaivala a basi, ma carer, aphunzitsi othandizira. Inu mumadula msonkho pa cheke chilichonse, bambo akunyumba chimodzimodzi, chakudyacho ndi cha ana anu.

---

nangozo_kukhitchini ayankha:

Achemwali nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa ine ndi amene ndimakhala mbali inayo ya tebulo. Ndimagwira ntchito kukhitchini ya sukulu kumadzulo kwa Kansas, dera lofanana ndi lanulo, minda ya tirigu ndi makola a ng'ombe basi, ndipo summer zitatu tsopano ndakhala ndikupakira nawo chakudya chimenechi. Ndikuuzeni mmene zimakhalira kuti mukapita musakadabwe.

Ife timapakira Lolemba m'mawa kwambiri, 5 koloko tili kale mkati. Mwana aliyense thumba lake, chakudya cham'mawa ndi chamasana cha sabata yonse. Zomwe timaika sitimangoganiza tokha, pali muyezo wa boma: chamasana pakhale mkaka kapu imodzi, nyama kapena cholowa m'malo mwake monga tchizi, nyemba, dzira kapena chiponde, zipatso ndi masamba mitundu iwiri, ndi buledi kapena china cha ufa. Cham'mawa mkaka, chipatso kapena juwisi, ndi cereal kapena kabanzi. Zina zimakhala zoumitsa mufiriza zoti mukatenthetse kunyumba, timaikamo kapepala kofotokoza. Ndiye konzani malo mufiliji, ana atatu mkaka wokha ndi wambiri zedi, ndipo poti ulendo wanu ndi wautali pa dzuwa la Julaye gulani cooler box ndi ayezi muziika m'galimoto, mkaka ndi nyama zikatentha mumsewu mudwalitsa ana. Ife lamulo lathu zozizira zisapose 41 pa Fahrenheit, ndiye kuti 5 pa Celsius, timayeza ndi kulemba nthawi ndi nthawi.

China, ana athu ambiri achikuda mkaka wa ng'ombe umawatsegula m'mimba kapena kuwatupitsa, wanga wachiwiri ndi choncho. Musangokhala chete nkumataya, nenani, mkaka wopanda lactose ulipo. Ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena china chilichonse tengani kalata ya dokotala, akuyenera kumusinthira.

Sindikunamizani kuti ndi chakudya chomwe inu mungasankhe, ayi. Zambiri ndi za m'mapaketi, ndipo mwana wozolowera nsima ya ndiwo zamasamba otendera poyamba amangoyang'ana. Ine kwanga ndimachita chonchi, makaroti ndi broccoli zija ndimaphika ngati ndiwo ndi tomato ndi anyezi, maapozi otsala ndimadula nkuika mu phala, mkaka wotsala ndimaphikira phala lomwelo kapena zitumbuwa ndi mandasi Loweruka. Palibe chimene chimapita ku bini.

Tsopano mvetsetsani ichi chifukwa ndi chomwe anthu ambiri sadziwa. Sukulu kapena tchalitchi chimene chikugawa sichilandira ndalama zambiri pakamodzi ayi, boma limabweza ndalama pa mbale iliyonse yomwe yaperekedwa kwa mwana. Ana akachepa ndalama zimachepa, koma malipiro a ophika, mafuta a galimoto yogawira, magetsi a firiza zonse zili pomwepo. Ndiye kumidzi malo ambiri ankatsekedwa chifukwa chosowa ana obwera, osati chifukwa chosowa ana anjala. Ine summer yanga yoyamba lamulo lakale lija likadalipo ndinaona ndi maso anga, timaphikira ana ambiri kubwera ochepa okha a pafupi ndi sukulu, zotsala nkutaya, pamene ndikudziwa bwinobwino kuti kumatrela kuseri kwa makola kuli ana omwe makolo awo achoka 4 koloko m'mawa ndi galimoto ndipo iwo atsala ndi paketi ya tchipisi tsiku lonse. Ndinkafika kunyumba mtima uli wolemera. Titayamba zopakira za sabata mzere wa magalimoto unayamba kuzungulira mpaka kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo tinayamba kutulutsa basi imodzi ya sukulu kukaima malo atatu akutali. Ndiye inu mukapita kukatenga simukulanda mwana wa wina, mukuthandiza kuti chaka chamawa pulogalamuyo idzakhaleponso.

Munthu woti mumufunse si hedi kapena mphunzitsi wa mkalasi, funsani food service director, mkulu woyang'anira zakudya m'sukulu za district yanu, ameneyo ndiye amadziwa. Ngati district yanu sikugawa mufunseni kuti yoyandikana nayo bwanji, chifukwa pa open site mwana sachita kukhala wa sukulu yomweyo. Pa webusaiti ya USDA palinso mapu osonyeza malo ogawira, koma amadzaza mochedwa, kumayambiriro kwa Juni, ndiye foni ndi yachangu. Kuimba nambala ya foni ya 211 nakonso kumathandiza. Ndipo mukapeza kuti kulibiretu, musangobwerera, muuzeni director kuti kumafamu kuno tilipo mabanja angapo, muwerengereni ana. Ife njira ya basi ija inayamba chifukwa mayi wina anabwera ndi mndandanda wa ana a kudera lake.

---

mphunzitsi_wa_kuPhalombe ayankha:

Ndawerenga zonsezi ndili kuno kumudzi ndipo ndadabwa ndithu, sindinkaganiza kuti ku America nakonso kholo limagona osatseka maso chifukwa sukulu yatsekera. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndaphunzitsa zaka zambiri sukulu ya kumudzi yomwe ana amalandira phala, ndiye nkhaniyi ndikuidziwa ndi mbali yathu ino.

Kuno phala ndi lomwe limadzutsa ana. Amayi ongodzipereka amafika kusanache kudzasonkha moto, mibiya ikuluikulu ija, ana aliyense ndi kapu yake m'manja kapena yomangirira pa chingwe cha chikwama. Ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini. Mary's Meals inayambira konkuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, lero ikudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo WFP nayonso ili ndi sukulu zake makamaka m'maboma a kumwera kuno. Koma phala limeneli ndi la masiku a sukulu basi. Loweruka, Lamulungu ndi holide palibe. Ine Lolemba ndimachita kuona pa nkhope za ana kuti kunyumba kunali bwanji, ena amanyambita kapu mpaka kupukuta ndi chala, ena amabisa theka kuti akapatse mng'ono wawo wotsala kunyumba, ndipo mphunzitsi ukaona zimenezo sungamukalipire.

Kusiyana kwake ndi kwanuko nkwakuti holide yathu yaitali imagwa kumapeto kwa Julaye mpaka Sepitembala, anthu atakolola kale, ndiye chaka chabwino m'nkhokwe mumakhala kanthu, mbatata ilipo, nandolo akuyamba. Njala yeniyeni ndi Januwale, Febuluwale mpaka Malichi, mwamwayi nthawi imeneyo sukulu ndi yotsegula ndipo kalasi imadzaza chifukwa cha phala lomwelo. Holide yomwe imandiopsa ine ndi ya Disembala, ufa watha, makolo ali kuganyu m'minda ya eni, ana akudya mango osapsa owiritsa. Koma chaka choipa ngakhale holide ya Ogasiti imasanduka ya njala. Freddy atatigwera mu Malichi 2023 kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje minda inakokoloka, sukulu zinatsekedwa zina nkusanduka makampu, ndipo chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño mpaka pulezidenti wa nthawiyo Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Zaka ziwiri zimenezo ana ankabwerera ku holide ataonda mooneka, ena osabwereranso, atsikana kukwatiwa, anyamata kupita ku Mozambique kukasaka maganyu.

Chomwe chandigwira mtima pa zomwe mwalemba amalume a ku South Bend ndi chakuti inu zomwe munaphunzira nthawi ya corona munazisandutsa lamulo. Kunonso mu 2020 sukulu zitatsekedwa makolo ankabwera kudzalandira ufa wa phala kukaphikira ana kunyumba, zinatheka bwinobwino, tinali ndi kaundula, makomiti a sukulu ndi mafumu anathandiza. Sukulu zitatsegulidwa zinathera pomwepo. Ine ndimafunsa mumtima kuti chingalephereke nchiyani kupatsa mwana thumba la ufa wa phala tsiku lotsekera temu mu Disembala, ngakhale m'maboma okhawo omwe akhudzidwa ndi njala chaka chimenecho? Ndikudziwa ayankha kuti ndalama, komanso kuti ufawo udyedwa ndi banja lonse sabata imodzi watha. Zoona udyedwa ndi banja lonse, koma mng'ono wake wa zaka zitatu uja amene sanayambe nkomwe sukulu ya mkombaphala si mwananso?

Mayi a ku Nebraska, pitani mukatenge chakudyacho. Ndipo a ku Ntcheu aja musawadule, mwanena bwino.

---

nachisale_wa_kufamu walemba:

Abale anga zikomo, sindinayembekeze kuti mungandiyankhe motere, ndawerenga kawiri kawiri ndipo za aphunzitsi a ku Phalombe zandilizitsa chifukwa ana a malemu mchemwali wanga ndi omwewo a kapu m'manja. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Lachiwiri nditaweruka sindinapite kunyumba, ndinakhala m'galimoto panja pa ofesi ya district mpaka anatsegula, ndinafunsa food service director monga munanenera anangozo. Ndi mayi wachikulire ndithu, anandilandira bwino, nditangotchula non-congregate anaseka nkunena kuti ndabwera nditakonzeka. Akuti chaka chino agawa Lachitatu lililonse m'mawa kuyambira sabata yoyamba ya Juni mpaka kumapeto kwa Julaye, chakudya cham'mawa ndi chamasana cha sabata, ndipo ndikhoza kukatenga ndekha popanda ana bola ndilembetse maina awo kuti adziwe zopakira zingati. Ndalembetsa pomwepo. Ndapempha kuntchito kuti Lachiwiri usiku ndizikhala pa shifiti kuti Lachitatu ndizingodzera, andilola.

Za adilesi amalume munalasa penipeni. Kusukulu kunali adilesi ya pafamu, pamene makalata athu amafikira ku bokosi mtauni, khadi ikanasochera ndithu. Takonza. Bambo a kunyumba ndinawawerengera zonse zomwe munalemba, anakhala chete kanthawi kenako anati imbira loya, ndinaimba ndipo watiuza kuti tilandire. Dzulo iwo omwe ndi amene anabwera ndi cooler box kuchokera kwa mnzawo wakuntchito.

Chomwe chatsala ndi masabata awiri a mu Ogasiti pamene kugawa kwatha koma sukulu sinatsegule, ndaganiza kuti ndalama za pa khadi ndisunge zambiri za nthawi imeneyo. Komanso pafamu pano pali mabanja ena awiri ochokera ku Guatemala, ana onse pamodzi asanu, amayi ake sayendetsa galimoto ndipo Chingerezi ndi chovuta, sankadziwa chilichonse za zimenezi. Ndinapita ndi mwana wanga wamkulu amene watolako Chisipanishi kusukulu, tinawafotokozera. Ndinafunsa director ngati ndingamawatengere, akuti lamulo lawo likufuna kholo kapena womulera mwanayo, ndiye tagwirizana kuti bambo a kunyumba akapempha kwa abwana awo galimoto ya pafamu Lachitatu m'mawa kuti amayiwo azipita nawo, apo ayi ndizibwera kudzawatenga ngakhale ulendo ukhale wawiri. Director walembanso maina a mafamu a mbali yathu ino, akuti ana akakwana aganizira zoti chaka chamawa galimoto yawo izifika pa mphambano ya msewu wathu.

Anangozo funso limodzi, zoumitsa zija zimakhala masiku angati zikasungunuka? Firiza yathu ndi kakang'ono ka pamwamba pa filiji, sizikwana zonse za ana atatu.

---

nangozo_kukhitchini ayankha:

Tsatirani kapepala kali m'thumbamo achemwali chifukwa zimasiyana, koma mwachidule zikasungunukira mufiliji zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi, ndipo zomwe zasungunukira m'galimoto kapena patebulo musazibwezerenso mufiriza. Zanyama ziikeni mufiriza poyamba, mabanzi ndi ma muffin atha kukhala panja masiku angapo. Muwafunsenso ngati ali ndi mkaka wa m'makatoni osafuna filiji uja, ife timasungira mabanja akutali, ukupatsani malo ambiri. Ndipo Lachitatu loyambalo fikani msanga, sabata yoyamba mzere umatalika chifukwa aliyense akulembetsa.